Kope Lathu la Mawu Otola

Ndikukumbukira kutentha kwa chipinda cha Sitandade 7 pasukulu yathu ya kumudzi, kumunsi kwa boma la Chikwawa. Mwezi wa Okutobala malata ankalira okha ngati wina akuponya timiyala padenga, ndipo pofika teni koloko malaya amakhala atamatira kumsana. Tinkakhala pansi, pa simenti yoswekasweka, miyendo titatambasula, makope ali pamaondo. Panja panali mitengo iwiri ya nimu ndi mjigo umene chogwirira chake chinkawotcha manja. Mphepo ikachokera ku minda ya nzimbe inkabwera ndi fungo la utsi wotsekemera, ndiponso timaphulusa takuda timene tinkatera pamapepala athu. Ukafuna kutichotsa ndi chala, tinkasiya mzere.

Chingerezi ankatiphunzitsa a Alufandika, bambo wamtali, woonda, wa tayi imodzi yofiirira imene sankavula ngakhale dzuwa likwiye chotani. Iwo anali ndi njira yawoyawo. Sankatilembera mawu pabolodi kuti tiloweze. Ankatituma kukatola. Sabata yonse aliyense ankayenera kuyang'ana mawu a Chingerezi paliponse pamene wadutsa, n'kuwalemba, ndipo Lachisanu tinkabwera nawo m'kalasi. Kwathu nyuzipepala sinkafika, kupatula zidutswa zokulungira nsomba, choncho tinkatola pa matumba a feteleza, pa zitini za mankhwala opopera thonje, pa mapepala a sopo, pa zikwangwani za kuchipatala, ngakhale kumbuyo kwa malole opita ku Nsanje. Ena tinkathamangira lole mpaka fumbi litatitsamwa, pofuna kumaliza kuwerenga liwu limodzi.

Lachisanu a Alufandika ankatulutsa dikishonale. Inali imodzi sukulu yonse. Chaka china madzi osefukira analowa mu ofesi, dikishonaleyo n'kunyowa, ndipo itauma inatupa ngati buledi, masamba ena atamatirana. Ankaisunga mu jumbo ndipo ankaitsegula mosamala ngati akumasula bala. Mwana ankatchula liwu lake, iwo n'kulifufuza, n'kuwerenga tanthauzo, n'kulimasulira m'Chichewa, pena m'Chisena chifukwa theka la kalasi kwawo ankalankhula Chisena. Kenako pamabwera povuta. Mwini liwu ankayenera kuimirira n'kunena chiganizo, ndipo chiganizocho chinkayenera kukhala choona. Za ana opita ku sitolo ndi galimoto ya bambo awo, ngati za m'mabuku, ankazikana.

"Kugwira chingwe cha mbuzi si kukhala mwini mbuzi," ankatero. "Liwu silikhala lako mpaka utalimangirira pa chinthu chimene unachiona ndi maso ako."

Chiganizo chopambana onse ankachilemba pamwamba penipeni pa bolodi, pamodzi ndi dzina la mwini wake, ndipo chinkakhala pamenepo sabata yathunthu. Wofufuta bolodi ankachilambalala. Kwa ife umenewo unali ulemu woposa kukhala woliza belu.

Tinkaseka kwambiri masiku amenewo. Mnzathu wina anatola *flammable* pa chitini cha mankhwala, ndipo atamva kuti ndi chinthu chosachedwa kuyaka moto, anaimirira n'kunena kuti, "My uncle is flammable." A Alufandika anavula magalasi.

"Ndi zoona zimenezo?"

"Akamwa kachasu, sala, musayandikire ndi machesi."

Anaganiza nthawi yaitali, kenako anamupatsa theka la malikisi.

Pambali panga pankakhala mtsikana wina dzina lake Rozina. Kwawo kunali kufupi ndi Shire, ulendo wa ola limodzi wapansi, ndipo ankafika m'mawa mapazi atayera fumbi. Bambo ake anamwalira iye ali wakhanda. Mayi ake ankalima dimba n'kumagulitsa mbatata. A Alufandika ankafuna kuti mawu otola akhale ndi kope lawolawo, losasakaniza ndi zina, ndipo Rozina analibe. Ine ndinali nalo latsopano, lachikuto chobiriwira. Tsiku lina Rozina analilanda m'manja mwanga, n'kulitembenuza chadodolido, n'kutsegula tsamba lomaliza.

"Iwe yambira uko, ine ndiyambira kuno," anatero. "Woyamba kufika pa timawaya ta pakati ndiye dolo."

Sanandipemphe. Ine ndinavomera chifukwa ndinkadziwa kuti ndipambana. Bambo anga anali kapitawo ku esiteti ya nzimbe, ndipo kunyumba kwathu mawu a Chingerezi ankagwa patebulo tsiku ndi tsiku. Ndinkaona ngati chilankhulocho ndi cholowa changa. Kope linkagona kwathu masiku atatu, kwa Rozina masiku anayi, ndipo likabwerako linkanunkha utsi wa nkhuni ndi nsomba zowamba.

Sipanatenge nthawi kuti ndizindikire kuti ndinalakwa. Ine ndinkakonda mawu aatali, ovuta kutchula, ndipo ziganizo zanga zinali zoona koma zouma. Rozina ankatola mawu aafupi n'kuwaika pamalo pamene aliyense amamva kuwawa kapena kuseka. Chaka chimenecho kunali njala, anthu ena ankakumba nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, kudambo, ndipo kunabwera chimanga chothandizira m'matumba olembedwa kuti si chogulitsa. Rozina anatola *sale* pa thumba lotero. Lachisanu anaimirira n'kunena mosaseka kuti, "This maize is not for sale, but I saw it at the market." A Alufandika anatsokomola, n'kuyang'ana pazenera, kenako anatenga choko. Dzina la Rozina linakwera pamwamba pa bolodi kasanu teremu yoyamba. Langa silinakwereko ngakhale kamodzi.

Teremu yachiwiri, mvula ili pakati, mayi ake a Rozina anadwala matenda otsegula m'mimba. Anayamba Lolemba, Lachitatu n'kuikidwa. Rozina sanabwere kusukulu masabata awiri. Atabwera anali atametedwa mpala, monga timachitira pomaliza maliro, ndipo mutu wake unkaoneka waung'ono kuposa mmene ndinkaudziwira. Tinamva kuti tsopano akukhala ndi azakhali ake. Anakhala pamalo pake pambali panga, ine n'kumukankhira kope, iye n'kulilandira, koma sabata imeneyo mbali yake sanalembemo liwu ngakhale limodzi.

Masiku omwewo kunabwera alendo pa galimoto yoyera kudzalemba ana oti alandire mabulangete. Anamata pepala pa chitseko cha ofesi ya ahedi, ndipo pamwamba pa pepalalo panali liwu limene sindinaliwonepo, *orphan*. Ndinalikopera m'kope. Apa ndiyenera kunena zoona, pakuti ndi zimene a Alufandika anatiphunzitsa. Sindinadikire dikishonale. Lachinayi madzulo ndinafunsa bambo, iwo n'kundiuza kuti ndi mwana wamasiye, amene bambo ndi mayi ake anamwalira. Choncho Lachisanu ndinalowa m'kalasi ndikudziwa tanthauzo, chiganizo nditakonza kale. Sindinkafuna kuzunza munthu. Ndinkangoona kuti ndapeza chiganizo chachifupi, choona, cha chinthu chimene aliyense akuchiona ndi maso, ngati za Rozina zija. Ndinkaona dzina langa pamwamba pa bolodi.

A Alufandika atawerenga tanthauzo, ndikukhulupirira kuti anafuna kudumphira kwa mwana wina, koma ine ndinali nditaimirira kale.

"Rozina is an orphan," ndinatero, mokweza, motchula bwino.

Wina kumbuyo anayamba kuseka n'kulekera panjira. Ndinamva mjigo ukulira panja. A Alufandika anatseka dikishonale pang'onopang'ono, n'kuibwezera mu jumbo ngakhale kuti ana ena anali asanatchule mawu awo.

"Ndi zoona," anatero. "Khala pansi."

Choko sanachikhudze. Nditakhala pansi ndinayang'ana Rozina. Ankayang'ana zala za kumapazi kwake. Ntchentche inatera pamutu pake pometedwa paja, n'kuyenda mpaka kukhutu, iye osaiingitsa. Belu la buleki litalira anatuluka ndi anzake. Titabwerera m'kalasi malo ake anali opanda munthu, ndipo kope linali pamalo panga.

Lolemba sanabwere. Lachiwiri, Lachitatu, chimodzimodzi. Ngakhale ndinali mwana, ndinkadziwa tanthauzo lake. Kwathu mtsikana wofedwa akajomba kachiwiri, kawirikawiri ndiye kuti sukulu yathera pomwepo. Mchewere unali utayamba kucha, azakhali ake ankafuna wowaingira mbalame, ndipo amayi anga ndinawamva akuuza mnzawo kumjigo kuti kuli wachibale wina ku Marka amene akufuna mtsikana wolera ana. Opita kumeneko sankabwerera ndi yunifolomu.

Lachisanu lotsatira, titaweruka, a Alufandika anandiitana pansi pa nimu. Ndinapita nditakonzeka kukwapulidwa, ndipo ndikanakonda zimenezo. Iwo anangondiyang'ana, thukuta likutsikira m'kolala.

"Lukasi, chiganizo chako chinali choona," anatero. "Koma mbuzi ija inali yako?"

Ndinaweramitsa mutu, iwo n'kupitiriza.

"Tenga kope lija upite nalo kwawo. Ine ndikapita, azakhali ake andiyalira mphasa, andilonjeza zonse, ndikangotembenuka basi. Pita iwe amene unamuthamangitsa."

Loweruka m'mawa ndinanyamuka kope lili mkati mwa malaya. Njira inkadutsa pakati pa migwalangwa, kenako m'matope amene madzi anali atangophwera kumene, pamwamba pouma pansi pofewa, moti patapata wanga mmodzi anatsalira mmenemo ndipo ndinachita kumufukula ndi manja. Fungo la mtsinje linandipeza ndisanauone. Azakhali ake a Rozina ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Ndinagwada n'kupereka moni. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumatope a kumiyendo, n'kuloza kumunda ndi mpeni.

Rozina anali pansanja pakati pa mchewere. Kuchokera pansanjapo panali zingwe zopita mbali zonse za munda, zomangiriridwa zitini zokhala ndi timiyala, ndipo mbalame zikatera iye ankakoka chingwe n'kukuwa. Anandiona ndili patali koma sanasiye kukoka. Ndinaima pansi pa nsanja ngati wodzapempha moto.

"Ndabweretsa kope."

"Nkhabe," anayankha m'Chisena chakwawo. Ayi.

"Pepa."

Anapitiriza kukoka chingwe. Ndiye ndinanena chinthu chopusa kuposa choyamba chija.

"Komatu sindinaname."

Apa ndi pamene anandiyang'ana.

"Ndani wati unanama? Liwu limenelo ndinaliona pachitseko paja iwe usanalione. Dzina langa linali pansi pake, lachitatu. Ndinapita ndekha kukafunsa a Alufandika tanthauzo. Ndinkalisunga. Ndinkati ndidzalinena ndekha tsiku limene pakhosi padzatseguke." Anakoka chingwe, zitini n'kulira kumapeto kwa munda. "Iwe unali ndi zitini zonse za ku esiteti. Unasowa chotola?"

Ndinakhala pansi pa nsanja. Patapita nthawi anandiponyera chingwe chimodzi n'kunena kuti popeza ndili ndi mawu okweza chonchi, ndiwagwiritse ntchito pa mbalame. Ndinakuwa mpaka dzuwa litapendeka, mpaka mawu atasasa. Iye anaseka kamodzi kokha, pamene ndinakoka chingwe mwamphamvu n'kugwetsa mtengo wa zitini. Pochoka ndinasiya kope pa makwerero a nsanja. Sanalitole ndikuona, ndipo sanandilonjeze kanthu.

Lolemba malo ake anali opanda munthu. Ndinkayang'ana pakhomo nthawi iliyonse mthunzi ukadutsa. Lachinayi ndinali nditataya mtima. Lachisanu, a Alufandika atangotulutsa dikishonale mu jumbo, Rozina analowa, mochedwa, mapazi ali matope, tsitsi litayamba kumera ngati kapinga. Anapepesa pakhomo, n'kubwera kudzakhala pambali panga, kope lili m'manja. Sanadikire kuitanidwa. Anaimirira, n'kutsegula mbali yake, n'kuwerenga ndi mawu otsika koma osanjenjemera.

"I am an orphan and I am in Standard Seven."

Ndine wamasiye ndipo ndili mu Sitandade 7. A Alufandika sanafunse ngati zinali zoona. Anatenga choko, n'kutambasula mkono wawo wautali uja, n'kulemba pamwamba penipeni. Chiganizo chimenecho chinakhala pamenepo mpaka teremu inatha. Palibe amene anatiuza kuti tisafufute. Pambuyo pake ndinamva kuti Rozina anauza azakhali ake kuti mbalame aziingira m'mawa kusanache bwino ndi madzulo akaweruka, koma ku Marka sapita, ndipo anakangana masiku anayi mpaka azakhaliwo anatopa.

Kope lija sitinalimalize. Mu Sitandade 8 mayeso anatipanikiza, kenako tinasankhidwira kusekondale zosiyana, ndipo linatsala m'manja mwa Rozina, pakati pali masamba atatu osalembedwa. Ine ndinapita kukoleji kumtunda, kumene ndinaphunzira mawu aatali ambiri ndipo palibe amene anandifunsapo ngati ziganizo zanga zinali zoona. Rozina anakhala mphunzitsi. Tinakumananso paboma, pamalo okwerera minibasi, ndipo moni wake woyamba unali wondifunsa ngati ndikadali ndi mawu oingira mbalame. Patapita zaka ziwiri tinakwatirana. Kope analisunga pansi pa sutikesi, mu jumbo, monga a Alufandika ankasungira dikishonale. Nthawi zina tikakangana za amene akanafika pakati poyamba, ankalitulutsa n'kuwerenga masamba ndi chala chonyowetsa malovu. Mbali yake inali patsogolo ndi tsamba limodzi ndi theka.

Rozina anamwalira miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Anadwala masiku asanu ndi limodzi. Za masiku amenewo sindilemba pano. Anandisiyira mwana wamkazi wa zaka zinayi, Chisomo.

Mwezi watha ndinapita ku ofesi ina paboma kukakonza mapepala. Kalaliki wake anali munthu wabwino, wondidziwa, amene anabwera ngakhale kumaliro. Ataona kuti ndaima nthawi yaitali pa funso lina la pafomu, anaikoka mofatsa.

"Apa ndikulemberani ndine, achimwene, musavutike."

Anachonga kabokosi kolembedwa *widower*, mwamuna amene mkazi wake anamwalira. Liwulo ndinkalidziwa kuyambira kusekondale. Ndinalilembapo m'mayeso. Ndinathokoza, ndinasaina, n'kutuluka. Panja panali mtengo wa nimu, ndipo nditafika pamthunzi wake ndinaima. Munthuyo sananame, ndipo ankafuna kundithandiza. Ndinakhala pa muzu mpaka wa kabaza wina anandifunsa ngati ndikudwala. Zimene Rozina anandiuza ali pansanja, ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndinazimvetsa tsiku limenelo.

Masiku ano ana satola mawu. Ana a achemwali anga akafuna tanthauzo amalemba pafoni, n'kulipeza asanaphethire, pamodzi ndi katchulidwe kake. Ndi zabwino, sindikudandaula. Sathamangira malole, sadikira Lachisanu. Chipinda chathu chija anachigwetsa n'kumanga china cha madesiki, ndipo a Alufandika anapuma ntchito n'kubwerera kwawo ku Malemia, kumene ndikumva kuti maso awo sakuonanso bwino. Chimene sindikudziwa n'chakuti alipo amene amaimiritsa anawa n'kuwafunsa ngati chiganizo chawo chili choona, ndiponso ngati mbuziyo ndi yawo.

Lamulungu lapitali m'mawa, tisanapite kutchalitchi, Chisomo anakhala pakati pa miyendo yanga pakhonde, ine ndikulimbana ndi tsitsi lake. Mayi woyandikana nafe wakhala akundiphunzitsa kuluka, koma mizere yanga imapita kumene yafuna. Mwanayo anadziyang'ana pagalasi n'kunena kuti, "Adadi, amama sankakoka chonchi." Ndinamuuza kuti ndikudziwa. Anathamangira kwa anzake momwemo, mzere umodzi ukuloza kukhutu.

Ndinalowa m'nyumba n'kutsegula sutikesi. Kope likadali kununkha utsi pang'ono, kapena mwina ndi mphuno yanga imene imakumbukira. Ndinadutsa mawu anga aatali aja, onse olembedwa mosamala, mpaka ndinafika pa tsamba loyera. Kuseri kwa masamba atatuwo zilembo za Rozina zinkaonekera chadodolido. Ndinalemba liwu, ndinalemba tanthauzo, monga tinkachitira. Pa chiganizo ndinakhala nthawi yaitali, chifukwa chiganizo cha Rozina chija chinali ndi mbali ziwiri, ndipo ine ndinali ndi yoyamba yokha. Belu loyamba la kutchalitchi linalira. Kenako ndinamva Chisomo panja akuuza mnzake kuti amuluka ndi adadi ake, asamuseke.

Ndinalemba kuti, "I am a widower and I am learning to plait hair."

Ndinaimirira n'kuwerenga mokweza, ndekha m'chipinda, kuti ndine wofedwa mkazi ndipo ndikuphunzira kuluka tsitsi. Mawu anatuluka osasa ngati tsiku lija la mbalame. Ndinabwezera kope mu jumbo. Rozina akadali patsogolo ndi tsamba limodzi, ndipo sindikufuna kumupitirira.